Ngati Mesiya Anabwera Kale, Mtendere Wake Uli Kuti?

M'mwezi wa July chaka cha 1263, mfumu James Woyamba wa ku Aragon anaitanitsa mtsutso wa zachipembedzo mumzinda wa Barcelona. Mbali ina kunaima Pablo Christiani, munthu wobadwa Myuda amene anatembenukira ku Chikhristu n'kulowa gulu la a Dominican. Mbali inayo kunali mphunzitsi wamkulu wa Ayuda wochokera ku Girona, Moses ben Nahman, wodziwikanso kuti Nachmanides. Nkhani inali pa Mesiya: kodi anabwera kale, kapena akudikiridwabe? Malinga ndi zimene Nachmanides analemba mtsutsowo utatha, iye anakumbutsa bwalolo kuti aneneri analonjeza zoti m'masiku a Mesiya nkhondo idzatha, ndipo anthu adzaleka ngakhale kuiphunzira. Atatero anawauza kuti ayang'ane dziko mmene lilili. Kuyambira masiku a Yesu magazi sanasiye kukhetsedwa, ndipo pa okhetsa magaziwo Akhristu ndiwo anali patsogolo. Mawu amenewa anawalankhula pamaso pa mfumu imene inalanda Majorca ndi Valencia ndi lupanga.

Papita zaka zoposa 700, koma funsolo silinakalambe. Ife amene timaimba za mfumu yamtendere nyengo ya Khirisimasi, ndi kupempha tsiku ndi tsiku kuti ufumu wake ufike, tiyenera kulilola kuti litisautse. Chikhristu chili nalo yankho, ndipo ine ndimakhulupirira kuti ndi loona, koma ndi yankho limene limatimanga ife eni ake. Kuti zimenezi zimveke, tiyambire kumene chiyembekezocho chinamera.

Mesiya ndi munthu wodzozedwa mafuta. Poyamba silinali dzina la mpulumutsi wam'tsogolo ayi. Mfumu ya Israeli inkalongedwa pothiridwa mafuta pamutu, monga Samueli anachitira ndi Sauli, kenako ndi Davide, ndipo mkulu wa ansembe nayenso ankadzozedwa. Chochititsa chidwi n'chakuti Baibulo lomwelo limaukayikira ufumu kuyambira pachiyambi pomwe. Pa 1 Samueli 8, anthu atapempha mfumu kuti afanane ndi mitundu yowazungulira, Samueli akuwachenjeza zimene mfumuyo idzawachite. Idzatenga anyamata awo kukhala asilikali, atsikana kukhala ophika kunyumba yachifumu, minda yabwino kupatsa nduna zake, ndi gawo la zokolola ngati msonkho. Chenjezolo silinachedwe kupherezera. Solomo anamanga kachisi ndi nyumba yake yachifumu pogwiritsa anthu thangata, ndipo atamwalira, cha m'ma 930 B.C., mafuko akumpoto anapempha mwana wake Rehobowamu kuti awapeputsire katunduyo. Iye anayankha mwachipongwe, ufumu n'kugawika pawiri.

Pambali pa kukayikira kumeneku pali lonjezo la pa 2 Samueli 7. Davide akufuna kumangira Mulungu nyumba, koma mneneri Natani akubwera ndi uthenga wakuti Mulungu ndiye adzamangire Davide nyumba, kutanthauza mzere wa mafumu umene sudzatha. Chiyembekezo cha Mesiya chinabadwira pakati pa zinthu ziwirizi, lonjezo lalikulu ndi mafumu amene mmodzi ndi mmodzi analephera kulifika msinkhu.

Masomphenya okongola kwambiri a mtendere analankhulidwa m'nthawi ya mantha. Cha m'ma 734 B.C., mafumu a Damasiko ndi Samariya anaukira Yerusalemu pofuna kuchotsa mfumu Ahazi, amene sanalowe mgwirizano wawo wolimbana ndi Asuri. Yesaya analangiza Ahazi kuti akhazike mtima pansi, koma iye anatenga siliva ndi golide wa m'kachisi n'kutumiza kwa Tigilati Pilesere, mfumu ya Asuri, kuti agule chitetezo. Mu 722 Samariya anagwa. Mu 701 Sanakeribu analowa m'dziko la Yuda, ndipo m'zolemba zake amadzitama kuti analanda mizinda 46 yamalinga. Zithunzi zogoba pamiyala zosonyeza kugwa kwa Lakisi, anthu akutengedwa ukapolo ndi ena atapachikidwa pamitengo yosongoka, zili mpaka lero ku British Museum ku London. M'dziko lotere ndi mmene mabuku a Yesaya ndi Mika amakambira za tsiku limene mitundu idzapereke zida zake kwa osula zitsulo kuti zisanduke makasu, ndi za mwana wa m'banja la Davide amene adzalamulire mwamtendere mpaka kalekale. Akatswiri ambiri a Baibulo amaganiza kuti omvera oyamba a Yesaya 9 ankayang'ana kwa Hezekiya, mwana wa Ahazi. Hezekiya anali mfumu yabwino ndithu, koma mawuwo anamukulira, ndipo iye atamwalira anatsala akudikira mwini wake.

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa ambiri timathamangira chithunzi cha pa Yesaya 11, cha zilombo zolusa zitagona khola limodzi ndi ziweto, kamwana kali patsogolo, n'kuiwala zimene zalembedwa chithunzicho chisanafike. Mutuwo ukuyamba ndi mtengo wodulidwa, chitsa cha banja la Jese, chimene chikuphukanso. Kenako ukufotokoza ntchito ya mfumuyo, ndipo ntchitoyo ndi kuweruza milandu. Iye sadzatengeka ndi maonekedwe kapena mphekesera, osauka adzapeza chilungamo pabwalo lake, ndipo chida chake polimbana ndi oipa chidzakhala mawu ake. Zilombo zikufatsa zimenezi zitachitika kale. Salmo 72, limene ndi pemphero lopempherera mfumu, likuyenda njira yomweyo. Mfumu iteteze ana a aumphawi, ithane ndi wopondereza, iwerengere moyo wa munthu wopanda pogwira, ndipo mtendere ndi zokolola zochuluka zikutchulidwa pamodzi ndi chilungamo chimenecho.

Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kusiyana kwa midzi iwiri. M'mudzi wina muli zii chifukwa mfumu ndi yoopsa, ndipo wolandidwa munda amangolirira mumtima. M'mudzi wina mlandu wa malire unakambidwa pabwalo, mkazi wamasiye anamvedwa, wolakwa analipa, ndipo mabanja awiriwo ayambanso kupalana moto. Mlendo wodutsa angati midzi yonse iwiri ili pamtendere. Aneneri akanavomereza wachiwiri wokhawo.

Mu 587 B.C. lonjezo linaoneka ngati lafa. Ankhondo a Nebukadinezara anatentha Yerusalemu ndi kachisi, anapha ana a mfumu Zedekiya iye akuona, kenako anamukolowola maso n'kupita naye ku Babulo. Salmo 89 likufunsa Mulungu mosapita m'mbali kuti pangano lake ndi Davide lapita kuti. Kuyambira pamenepo mpando unalibe mwini, ndipo wodzozedwa anasanduka munthu wodikiridwa. Koresi wa ku Perisiya atagonjetsa Babulo mu 539 n'kulola Ayuda kubwerera kwawo, Yesaya 45 akumutcha iyeyo, munthu wa mtundu wina, wodzozedwa wa Mulungu. Mneneri Hagai anaika maso pa Zerubabele, mdzukulu wa m'banja lachifumu amene anatsogolera ntchito yomanganso kachisi, koma Zerubabele anangozimirira m'mbiri asanakhale pampando. Pa Zekariya 9 mfumu ikuoneka ikulowa mu Yerusalemu itakwera bulu, ndipo chotsatira chake ndi kuchotsedwa kwa magaleta ndi akavalo ankhondo, kuyambira a anthu ake omwe.

Pofika nthawi ya Yesu, Ayuda sanali ndi ganizo limodzi pa za Mesiya. Danieli 7 amaona maufumu a dziko ngati zilombo zotuluka m'nyanja, ndipo ulamuliro ukuperekedwa kwa wina wooneka ngati munthu. Banja la Amakabeo linamenyana ndi Antiochus Epiphanes, amene anadetsa kachisi mu 167 B.C., ndipo linapambana. Koma zidzukulu zawo zinadzilonga ufumu zisali za banja la Davide, n'kuyamba kulimbirana mpando mpaka Pompey wa ku Roma analowerera ndi kulanda Yerusalemu mu 63 B.C. Buku lotchedwa Masalmo a Solomo, lolembedwa pambuyo pa zimenezi, likupempha mwana wa Davide woti adzayeretse mzindawo pochotsa adani ake. Gulu la ku Qumran, limene mipukutu yake inayamba kupezeka mu 1947 m'mapanga a pafupi ndi Nyanja Yakufa, linkayembekeza odzozedwa awiri, wansembe ndi mfumu. Mabuku enanso a nthawiyo amakamba za chipulumutso osatchula Mesiya n'komwe.

Komanso panali wina amene anali atadzitengera kale mayina aulemuwo. Augusto Kaisara anathetsa nkhondo zapachiweniweni za Aroma, ndipo mu 9 B.C. ku Roma kunapatulidwa guwa la nsembe lolemekeza mtendere wake, lotchedwa Ara Pacis. Mwala wolembedwa wa ku Priene, wa zaka zomwezo, umamutcha mpulumutsi wothetsa nkhondo, ndipo umati kubadwa kwake ndiko kunali chiyambi cha uthenga wabwino kwa dziko. Mtenderewo unali ndi zabwino zake: misewu inali yoyendeka ndipo zombo zamalonda zinkayenda panyanja. Koma Ayuda ankadziwa mtengo wake. Herode Wamkulu atamwalira mu 4 B.C. dziko linagalukira, ndipo wolemba mbiri Josephus akuti kazembe Varus anapachika anthu pafupifupi 2,000. Choncho Luka akamayamba nkhani ya kubadwa kwa Yesu potchula Augusto ndi kalembera wake, kenako n'kuika mawu a mpulumutsi, uthenga wabwino ndi mtendere pa khanda logona modyera ziweto, akuimika mafumu awiri maso ndi maso.

Ufumu wa Mulungu ndiwo unali mutu wa ulaliki wa Yesu, koma dzina loti mfumu ankasamala nalo kwambiri. Yohane 6 akuti atadyetsa khamu, anthu anafuna kumulonga ufumu mokakamiza, iye n'kuchoka kupita kuphiri. Petro atavomereza kuti iye ndiye Khristu, kutanthauza Mesiya, nthawi yomweyo Yesu anayamba kunena za kuzunzika ndi imfa yake, ndipo Petro zinamukanika kuzilandira. Yakobo ndi Yohane atapempha mipando yaulemu, anawauza kuti olamulira a mitundu amapondereza anthu awo, koma pakati pa ophunzira ake wamkulu azitumikira anzake. Mafanizo ake a ufumuwo ndi a tinthu ting'onoting'ono togwira ntchito mobisika, kambewu ka mpiru ndi chofufumitsa mu ufa. Zizindikiro zake zinali odwala kuchira, okhometsa msonkho ndi ochimwa kudya naye mbale imodzi, ndi lamulo lovuta kuposa onse, lokonda adani.

Komabe ufumuwo sanaukane. Polowa mu Yerusalemu atakwera bulu nyengo ya Paskha, ankadziwa kuti aliyense wodziwa Zekariya amva chimene akunena. Usiku umene anagwidwa analetsa wophunzira amene anasolola lupanga. Pamaso pa Pilato, amene analamulira Yudeya kuyambira 26 mpaka 36 A.D., ananena kuti ufumu wake suchokera kumene maufumu ena amachokera, ndipo umboni umene anapereka ndi wakuti anthu ake sakumenya nkhondo. Vesi limeneli, Yohane 18:36, kawirikawiri limalalikidwa ngati likunena kuti ufumu wa Yesu ulibe nazo ntchito za pansi pano. Ine sindiliwerenga choncho. Likunena za kumene ufumuwo uchokera ndi mmene umayendera. Aroma sakanapachika munthu chifukwa chongophunzitsa za mtendere wa mumtima, ndipo Mauthenga onse anayi amagwirizana kuti mlandu wolembedwa pamtanda unali wa ufumu.

Kwa Myuda wa nthawiyo, Mesiya wopachikidwa ndi Aroma anali Mesiya wolephera. Chimene chinasintha otsatira ake ndi chikhulupiriro chakuti Mulungu anamuukitsa, ndipo potero anavomereza munthuyo pamodzi ndi njira yake. Iwo anabwerera ku Malemba n'kulumikiza zinthu zimene kale zinkawerengedwa pazokhapazokha: mwana wa Davide, mtumiki wozunzika wa pa Yesaya 53, ndi wolandira ulamuliro wa pa Danieli 7. Ku Tesalonika, malinga ndi Machitidwe 17, otsutsa Paulo ndi Sila anawaneneza kuti akulalikira mfumu ina kupatula Kaisara, ndipo pamenepo sananame. M'zaka zotsatira, njira ya lupanga inayesedwa kawiri. Kuukira kwa mu 66 A.D. kunathera pa kugwetsedwa kwa kachisi mu 70. Mu 132 Simon bar Kokhba anadzutsa nkhondo ina, ndipo mabuku a Ayuda amati Rabbi Akiva anamutcha Mesiya. Pofika 135 Yudeya anali bwinja.

Nanga Akhristu amamuyankha chiyani Nachmanides? Yankho loyamba ndi lakuti Mesiya amabwera kawiri. Anabwera modzichepetsa kudzauyamba ufumu, ndipo adzabweranso kudzaumaliza. Pa kamalizidwe kake mipingo imasiyana. Chivumbulutso 20 chimakamba za zaka 1,000 za ulamuliro wa Khristu, ndipo aphunzitsi akale monga Justin Martyr ndi Irenaeus ankaziyembekeza pansi pompano. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, analemba pambuyo pa kufunkhidwa kwa Roma mu 410 kuti zakazo ndi nyengo ya mpingo imene tilimoyi, ndipo Akatolika, a Lutheran ndi a Presbyterian ambiri anatsata ganizo lake. A Seventh-day Adventist amaphunzitsa kuti m'zaka zimenezo oyera adzakhala kumwamba dziko lili bwinja, pamene mipingo yambiri ya Pentekosite imayembekeza kuti Khristu adzayamba wabwera, kenako n'kulamulira pansi pano. M'zaka za m'ma 1900 akatswiri anakangananso. Albert Schweitzer anati Yesu ankayembekeza mapeto a dziko m'masiku ake omwe. C. H. Dodd anati ufumu unafika kale mu utumiki wa Yesu. Oscar Cullmann, polemba Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse itangotha, anati zili ngati nkhondo imene kumenyana kosonyeza wopambana kwachitika kale ngakhale mfuti zikadalira. Ambiri lero amaima ndi Cullmann, kuti ufumu wafika koma sunakwanire.

Yankho limeneli ndi loona, koma palokha ndi losavuta kubisalamo, pakuti lonjezo lililonse losakwaniritsidwa likhoza kukankhidwira ku kubweranso kwa Ambuye. Akhristu oyambirira anali ndi yankho lachiwiri, limene ine ndimaliona lolemera kuposa loyambalo. Justin, polemba cha m'ma 150 A.D., ananena kuti ulosi wa zida zosanduka makasu wayamba kale kukwaniritsidwa, ndipo umboni wake unali anthu ooneka ndi maso, amene kale ankaphana koma tsopano anasiya kumenyana ngakhale ndi adani awo. Tertullian wa ku Carthage anaphunzitsa kuti zimene Yesu anachita poletsa lupanga la Petro zikukhudza msilikali aliyense. Mu 295, mnyamata wa kumpoto kwa Africa dzina lake Maximilian anadulidwa mutu chifukwa chokana usilikali ponena kuti iye ndi Mkhristu. Sikuti onse anali otero, pakuti analipo Akhristu otumikira m'gulu lankhondo la Roma. Koma Justin akanatha kuloza mpingo ndi chala n'kunena kuti ufumuwo ukuyambira apa.

Patapita zaka 1,100, Pablo Christiani sakanatha kuloza chimodzimodzi. Pakati pa awiriwa pali Constantine, mfumu ya Roma, amene anapambana nkhondo ya pa mlatho wa Milvian mu 312, ndipo wolemba Lactantius akuti asilikali ake anali ndi chizindikiro cha Khristu pazishango. Chizunzo cha Akhristu chinatha, ndipo palibe angadzudzule anthu amene anali ndi zipsera za m'ndende chifukwa chosangalala. Koma Eusebius, bishopu wa ku Caesarea, anapyola muyeso. Anayamba kulemba za mfumu ya Roma ngati chithunzi cha ulamuliro wa kumwamba, ndi za mtendere wa Roma ngati kukwaniritsidwa kwa maulosi. Mtanda ndi lupanga zitazolowerana chotero, tsiku linafika mu July 1099 pamene ankhondo ovala mtanda analowa mu Yerusalemu n'kupha Asilamu ndi Ayuda a mumzindamo mosasankha.

Anthu wamba nawonso anayesa kuukoka ufumuwo ndi manja awo. Ku Münster, m'dziko la Germany, mu 1534 Jan van Leiden anadzilonga mfumu ya Yerusalemu Watsopano ngati Davide wachiwiri, ndipo ankapha omutsutsa. Mzindawo unagwa mu 1535, ndipo mitembo ya atsogoleri ake inaikidwa m'makola achitsulo amene akulendewerabe pansanja ya tchalitchi cha St Lambert. Ku China, Hong Xiuquan, atawerenga timabuku tachikhristu, anadzitcha mng'ono wake wa Yesu n'kulengeza mu 1851 ufumu wakumwamba wa Taiping, umene unkalonjeza mtendere waukulu. Pofika 1864 nkhondo yake ndi boma la Qing inali itapha anthu amene olemba mbiri ambiri amati anafika 20 miliyoni.

Mzere wa Justin uja sunafe. Menno Simons, amene mtima wake unasweka ndi magazi a nthawi ya Münster, anasonkhanitsa omwazika n'kuwaphunzitsa kuti ufumu wa Khristu sumangidwa ndi lupanga, ndipo a Mennonite akusungabe chiphunzitsocho. A Quaker analengeza zofananazo kwa mfumu Charles Wachiwiri wa ku England kumayambiriro kwa 1661. Mu 1925, Mussolini atagwira kale boma la Italy, Papa Pius XI anakhazikitsa chaka cha Khristu Mfumu, chimene masiku ano Akatolika amachita Lamulungu lotsiriza la chaka cha mpingo. Mu 1934 ku Barmen, Hitler akufuna kumeza mpingo, abusa a ku Germany motsogozedwa ndi maganizo a Karl Barth anakana zoti pali gawo lina la moyo limene mbuye wake ndi wina osati Khristu. Pamenepo kunena kuti Yesu ndi mfumu kunagwiranso ntchito imene kunagwira ku Tesalonika, yochepetsa msinkhu wa wolamulira wa pansi pano.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Mu 1908 Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira kusukulu za mishoni ya Livingstonia amene anakumana ndi mmishonale Joseph Booth ku Cape Town, anabwerera ku Nkhata Bay ndi uthenga wa Watch Tower wakuti mu 1914 ufumu wa Khristu udzafika, ndipo ulamuliro wa azungu ndi msonkho wa nyumba zidzatha. M'miyezi yochepa anabatiza anthu pafupifupi 10,000, boma la atsamunda n'kumupitikitsa mu 1909. Kamwana sananyamule chida, koma bomalo linamva bwino lomwe chimene ulaliki wotere umatanthauza. John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914 kudandaula kuti Aafrika osauka akufera nkhondo ya eni ake. Pa 23 January 1915 anasankha njira ya Amakabeo, ndipo pa 3 February anaphedwa. Olemba mbiri amasiyana pa funso lakuti ziphunzitso za mapeto a dziko zinamukhudza motani. Koma mlandu umene ankadandaula, thangata la m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero ndi kutenthedwa kwa matchalitchi ake, ndi mlandu umene mfumu ya pa Salmo 72 ikanaumva.

Kenako tinakhala ndi mesiya wathuwathu. Lipoti la Devlin la mu 1959 limafotokoza kuti Dr Kamuzu Banda asanatere pa Chileka pa 6 July 1958, Henry Chipembere anali atamulembera kuti asadzachite mantha akamadzalengezedwa ngati mesiya wa ndale, chifukwa anthu amafuna ngwazi yoti aitsate. Mu 1964 Chipembere yemweyo anali pakati pa nduna zimene zinasemphana naye, ndipo anakafera kunja kwa dziko. Mu 1971 Kamuzu anakhala Pulezidenti Wamuyaya. Amene anakana kugwada poyera anali a Mboni za Yehova, amene amakhulupirira kuti Khristu anayamba kulamulira kumwamba mu 1914 ndipo iwo sangalowe chipani chilichonse. Chifukwa chokana kugula makhadi a chipani analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 ambirimbiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa, ena ataphedwa. Munthu angatsutsane nawo pa ziphunzitso zambiri, monga ine ndimachitira, koma ayenera kuvomereza kuti mipingo ikuluikulu inatenga nthawi yaitali isanalankhule momveka. Tsikulo linafika pa 8 March 1992, pamene kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, kudzudzula malipiro ochepa, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi mantha oletsa anthu kulankhula. Boma linkanyadira bata ndi mtendere, ndipo kalatayo inafunsa funso la pa Yesaya 11, lakuti osauka akuweruzidwa motani.

Ulaliki wofala masiku ano umathawa manyazi a 1099 ndi a ku Münster posamutsira mtendere wonse mumtima ndi kumwamba. Mtendere wa mumtima ndi mphatso yeniyeni, ndipo wodwala amene ali pafupi kutsirizika amaufuna kuposa china chilichonse. Koma aneneri sanalonjeze wokhawo. Analonjezanso milandu yoweruzidwa molungama, minda yosalandidwa ndi zida zosiyidwa. Mpingo ukataya zimenezi n'kutsala ndi mitima yokha, umakhala wavomereza kuti Nachmanides ananena zoona. Zotsatira zake zinaoneka ku Rwanda mu 1994, dziko la obatizidwa ochuluka, kumene anthu anaphedwera m'matchalitchi momwe anathawira, ku Ntarama ndi ku Nyarubuye. Pa funso lakuti kodi Mkhristu angakhale msilikali, mipingo yambiri imatsatira Augustine ndi Thomas Aquinas povomereza kuti boma lingagwiritse ntchito mphamvu poteteza osalakwa, ndipo mtsutso wa pakati pa iwo ndi a Mennonite sunathe mpaka lero. Koma ngakhale Augustine ankaona nkhondo yotere ngati chinthu chachisoni cha m'dziko lochimwa. Sanaitche ufumu wa Mulungu.

N'chifukwa chake zimandiwawa kumva, nthawi ya chisankho ikayandikira, wandale akutchedwa wodzozedwa wa Mulungu paguwa, kapena mtsogoleri wa mpingo akutseka pakamwa omufunsa za ndalama za chopereka powaopseza ndi Salmo 105:15, vesi loletsa kukhudza odzozedwa. Wowerenga salmolo kuyambira pamwamba adzapeza kuti likukamba za Abrahamu, Isake ndi Yakobo ali anthu owerengeka, alendo oyendayenda m'mayiko a eni, ndipo amene akuchenjezedwa ndi mafumu. Ndi vesi loteteza ofooka kwa amphamvu. Davide anakanadi kupha Sauli m'phanga muja chifukwa anali wodzozedwa, koma atatuluka anamudzudzula poyera pa zimene ankachita. Davide mwini wakeyo, atalanda mkazi wa Uriya n'kumuphetsa mwamunayo kunkhondo, anafikiridwa ndi Natani yemwe uja anamubweretsera lonjezo la ufumu wosatha, kudzamuuza pamaso kuti walakwa. Chipangano Chatsopano chimasungira munthu mmodzi yekha dzina loti Khristu, ndipo pa 1 Yohane 2 kudzoza kukutchulidwa ngati chinthu chimene okhulupirira onse analandira, wapampando wa mpingo ndi mayi wosesa m'tchalitchi mofanana.